Kansomba ka pa Chidindo cha a Gu

A Pyo Deok-su anasema zidindo za mayina mu msika wa ku Daegu kwa zaka makumi anayi ndi zitatu, m'kashopu kopapatiza koti munthu wonenepa ankalowamo chammbali. Analibe foni ya m'manja, ndipo ukawafunsa chifukwa chake ankakuyang'ana ngati wabwera kudzawabera. Mwana wawo wa ku Seoul anawagulira foni kawiri. Kawiri konseko anaibweza pa positi isanatuluke n'komwe m'bokosi.

"Chinthu chodziwa kumene ndagona ndi kumene ndadya, ine osadziwa amene chikukamuuza, chimenecho ndi kazitape," ankatero a Pyo.

Kukayikira ndiyo inali ntchito yawo, tisawanenere zambiri. Kale, nyumba isanayambe kugulidwa ndi chala pagalasi, maloya ankabwera ndi mapepala awiri odindidwa ndi inki yofiira kuti a Pyo aloze lenileni ndi labodza. Iwo ankatenga galasi lawo lokulitsira zinthu, n'kuwerama kanthawi, n'kuloza, ndipo sanaphonyepo. Vuto linali lakuti galasilo sankalisiya m'shopu. Dokotala akawapatsa mankhwala ankayamba awerenga mapilisiwo. Mwana akawapatsa moni mumsewu ankafuna kudziwa amene wamutuma.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankamukayikira, a Gu Man-seok, msodzi wa ku Yeosu. Anadziwana ku usilikali, m'nyengo yozizira yoti zala zinkamatirira pamfuti, ndipo kumeneko anapangana kuti wotsala adzagwira bokosi la maliro la mnzake kutsogolo, mbali ya kumanja. A Gu analibe mchimwene kapena mwana wamwamuna, anali ndi mwana wamkazi mmodzi basi, choncho panganolo sankalitenga ngati nthabwala. Chichotsereni mafoni a mawaya pamene msika unakonzedwa, a Gu ankaimba Lachitatu lililonse masana pa foni ya Mayi Yeom, ogulitsa msuzi wa nsomba ndi timikate ta mpunga pafupi ndi shopu ya a Pyo.

"Ukadali moyo, wosema iwe?" ankayamba choncho a Gu. "Magolovesi anga oyera onyamulira bokosi lako ada ndi kudikira."

"Uyamba ndiwe, ndi mowa wakowo," ankayankha a Pyo, foni ataigwira kutali ndi khutu ngati nsomba yovunda.

Lachiwiri lina m'mawa, Mayi Yeom analowetsa mutu m'kashopu muja akupukuta manja pa epuloni. Nkhope yawo inali itagwa.

"Bambo Pyo, taonani ichi. Chachokera pa nambala ya anzanu aja."

A Pyo anavala magalasi osaikhudza foniyo. Unali uthenga wa maliro. Unkati a Gu Man-seok amwalira usiku wapitawo, thupi lili ku nyumba yachisoni ya chipatala china ku Yeosu, bokosi lidzanyamulidwa Lachinayi m'mamawa. M'munsi munali nambala ya kubanki yotumizirako chipepeso, ndi mzere wa zilembo zabuluu woti munthu adine aone njira.

Nthawi yomweyo maso awo aja anayamba ntchito yawo.

"Musadine pamenepo, Mayi Yeom. Simunamve chinkuzamawu cha msika sabata yatha? Akamberembere akutumiza maliro abodza. Ukangodina, akuyeretsa ndalama zonse ku banki."

Zimenezo zinali zoona. Wogulitsa nsapato wa kuseri anadina uthenga wotere wonena za imfa ya aphunzitsi ake, ndipo aphunzitsiwo anali moyo, akulima tsabola kwawo.

"Koma nambalayi ndi yawo," anatero Mayi Yeom.

"Nambala imabedwa. Ndipo Man-seok sangapemphe chipepeso pa banki. Amati ndalama ya maliro imabwera mu envulopu yoyera, ndi miyendo."

"Wakufa salemba yekha uthenga wa maliro ake, bambo inu. Tiimbe basi."

Anaimba. Anayankha mayi wina, mawu ake osasa, ndipo kumbuyo kunkamveka phokoso la anthu ndi mbale.

"Ndine Hye-ran, mwana wa a Gu. Ndi amalume a Pyo? Bambo anati malo akutsogolo ndi anu. Mufika liti?"

A Pyo anamuona Hye-ran komaliza ali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Mawu awa sanawadziwe. Komanso anali atamva pa wailesi kuti masiku ano makina amatha kulira ndi mawu a mwana wako weniweni.

"Ngati ndiwe mwana wake," anatero pang'onopang'ono, "tandiuza, m'mbali mwa chidindo cha bambo ako munasemedwa chiyani?"



"Chidindo? Amalume, sindikudziwa. Bambo anga amwalira dzulo."

A Pyo anabweza foni ija kwa mwini wake. "Mwamva? Sakudziwa. Zimitsani."

Mayi Yeom anawayang'ana nthawi yaitali. "Tsiku lina mudzakayikira ndi mpunga womwe uli m'mbale mwanu," anatero, n'kubwerera ku mphika wawo.

Tsiku limenelo a Pyo anasema chidindo cha kampani ina n'kuchiwononga, chinthu choti sichinachitikepo kwa zaka zambiri. Anadziuza kuti mawa ndi Lachitatu, Man-seok aimba, ndipo adzamuseka mpaka atsamwe chifukwa cholola mbava kumubera nambala.

Lachitatu masana anakhala pampando wa kasitomala pa Mayi Yeom, msuzi ukuzizira m'mbale. Foni inalira kawiri. Koyamba anali wobweretsa anyezi, kachiwiri mlamu wawo wa mayiwo. Ola linatha, lachiwiri n'kutha. Mantha anawagwira a Pyo, mantha enieni.

"Ngati foni yake yabedwa, aimba bwanji?" anatero, osayang'ana aliyense. "Ndipita ndikamuuze ndekha."

Mayi Yeom anangolowa kuseri n'kutuluka ndi envulopu yoyera, n'kuiika pafupi ndi mbale ija. A Pyo anaitenga.

Ku depoti anapeza zenera limene ankagulapo matikiti litamatidwa ndi pepala lokhala ndi muvi woloza makina. Makinawo anawafunsa zinthu zambiri, ndipo akamaganiza ankabwerera poyambira. Pomaliza mayi wina woyembekezera, amene anatopa kuima kumbuyo kwawo, anawadinira.

"Ya lero yadzaza, agogo. Anthu anagula kale pa foni. Mpando ulipo mawa m'mawa."

"Yadzaza bwanji basi yoti sinafike?" anafunsa a Pyo. Analiyang'ana tikitilo kutsogolo ndi kumbuyo, koma linali lenileni.

Anafika ku Yeosu Lachinayi dzuwa lili pamutu, atavala suti yakuda yonunkha mankhwala a njenjete. Pa khomo la nyumba yachisoni panali galasi loonetsa mayina a omwalira ndi zipinda zawo. Anawerenga mayina onse kawiri ndipo la a Gu panalibe. Kwa kamphindi anasangalala, mpaka anamwetulira. Kenaka anaona anyamata awiri akutulutsa nkhata za maluwa oyera kukaziunjika panja, ndipo pa riboni ya imodzi panali dzina la bungwe la asodzi ndi la Gu Man-seok.

"Amenewo anatuluka isanakwane seveni," anatero mlonda. "Thupi aliwotcha, ndipo pano phulusa lafika kale kumalo kwake."

Nyumba ya a Gu inali pamtunda, moyang'ana doko. Pakhomo panali nsapato zambiri. Anatuluka mayi wa zaka ngati makumi anayi, atavala zakuda, kariboni koyera kali m'tsitsi. Anali ndi chibwano cha bambo ake, chosafuna galasi lokulitsira.

"Amalume a Pyo," anatero, n'kuwerama.

A Pyo anawerama kwambiri kuposa mmene zaka zawo zinkafunira. Anapereka envulopu ija ndi manja awiri. 

"Kutsogolo anagwira ndani?" anafunsa.

"Tinadikira pang'ono. Kenaka a nyumba yachisoni anatipatsa wantchito wawo. Dzina lake sindinafunse."

Hye-ran analowa nawo mkati, anawakhazika pansi pafupi ndi chithunzi cha a Gu, n'kuwathirira mowa wa soju. Kenaka anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa kanthu kokulunga m'kansalu.

"Dzana munandifunsa funso. Ndinalephera. Ndachipeza lero m'thumba la jekete lawo la kunyanja." Anachiika m'dzanja la a Pyo. "Ndi kansomba, amalume."

Chinali chidindo cha mtengo wakuda, chosalala ndi kugwiridwa. Dzanja la a Pyo linapita lokha m'thumba n'kutulutsa galasi lija. Anawerama monga mwa masiku onse. Kansomba kanalipo, ndipo pa mchira pake panali kamzere kokhota, pamene mpeni unaterereka tsiku limene Man-seok anagunda tebulo ndi bondo akuseka, zaka makumi anayi zapitazo.

"N'chenicheni," anatero a Pyo.

Hye-ran anawayang'ana. "Ndikudziwa, amalume."