Njinga Imene Ndinagulitsa kwa Naphiri

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha gudumu lokhota. Nditalakwa mayeso a Fomu 4 ndinkangokhala kwathu ku Chisepo, n'kumamata machubu a anthu patsinde pa mango. Tsiku lina amalume, amene ankaimba kwaya limodzi ndi a Kanyenda, mwini shopu ya njinga pa Mponela, anandiuza kuti kukufunika munthu wodziwa sipanala. Nditafika, a Kanyenda sanafunse za satifiketi. Anangondiponyera gudumu lopindika ndi kakiyi komangira masipoko, iwo n'kupita kukamwa tiyi. Pobwera analizunguza gudumulo, naika chala pafupi ndi limu, nati, "Mawa ubwere ndi ovolosi."

M'shopumo munali njinga za mitundu iwiri. Kutsogolo kunkaima zatsopano, zakuda zija za sayizi 28, zolemera, za mtanda pakati ndi mabuleki a ndodo. Kuseri kunali za kaunjika, za 26 ndi 24, zina zopanda mtanda, zimene anthu ankazitcha za ana asukulu. Ine ntchito yanga inali kulumikiza njinga zikachoka m'makatoni, kupaka girizi, kukunga tcheni, kenako kuyeza wogula.

Kuyezako a Kanyenda anandiphunzitsa bwino, ndisawanamizire. Munthu aime njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi, ndipo pakati pa iye ndi mtanda patsale mpata wa zala zinayi. Akakhala pachishalo, chidendene chifike pa pedulo ili pansi bondo lisanawongokeretu. Aike chigongono pa mphuno ya chishalo, zala zikhudze mahandulo. Chomaliza, agwire mabuleki osachotsa chikhatho pa handulo. Mwamuna akabwera ndinkachita zonsezi mwamatama, sipanala ya 13 ili m'thumba lakumbuyo.

Akabwera mayi, sukulu yonseyo inkathera pakhomo. Chitenje chimabisa pamene mwendo wayambira, ndipo palibe mayi wolongosoka amene angatangadze pa njinga pamaso pa anyamata a kabaza ndi ma minibasi odutsa pamsewu. Kugwira bondo la mkazi wa mwini n'kudziputira mlandu. Ndiye ndinkangoyeza ndi maso. Komanso amayi ambiri ankabwera ndi amuna awo, ndipo woyankha anali bambo. A Kanyenda anandichenjeza sabata yoyamba yomwe. "Iwe ntchito yako ndi njinga. Za m'banja usazilowe."

Lachisanu lina m'mwezi wa Julaye, kukuzizira, kunabwera bambo wamtali wa chipewa, a Chimphepo, ndi mkazi wawo Naphiri. Ankachokera kumapiri a cha ku Ntchisi. Naphiri anali wamfupi, wondifika m'phewa, ndipo inenso sindine munthu wamtali. Nkhani yake anaifotokoza amuna akewo. Gulu la amayi kwawoko linam'patsa ng'ombe ya mkaka, ndipo mkakawo umayenera kufika kumalo oziziritsira dzuwa lisanakwere. Poyenda pansi, chigubu chili pamutu, ankafika mochedwa, ndipo kawiri konse anamubweza mkaka utasasa. Agulu anali atanena kuti zikapitirira, ng'ombeyo aipereka kwa mayi wina. Choncho Naphiri anagulitsa mtedza wake wonse kuti apeze njinga.

Nditangomuona ndinadziwa njinga yake. Ndinathamangira kuseri n'kutulutsa ya 24 yobiriwira, yopanda mtanda, ya mabuleki a waya ofewa ndi kaliyala wolimba. Naphiri anaiyang'ana, dzanja lake n'kupita lokha pa handulo.

A Chimphepo anaseka. "Mphwanga, ukundipatsa kanjinga ka ana? Anthu kumudzi akati ndagula chiyani? Njinga ya pakhomo ndi iyi." Anamenya chishalo cha ya 28. "Iyi ikhoza kunyamula thumba la feteleza, n'kupita nayo kumaliro osachita manyazi."

Ndinati, "Koma bambo, oyendetsa tsiku ndi tsiku si mayiwa?"

"Azolowera. Mayi a kunyumbawa ndi olimba. Si choncho, Naphiri?"

Naphiri anayang'ana pansi. "Ndi yabwino ndithu," anatero. "Kaya kumtsetse kwathu kuja."

Kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ine ndinamva bwinobwino kuti mayiyu wakana. Ndinacheukira a Kanyenda kuti mwina andithandiza. Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, napukusa mutu pang'ono. Ndinali ndi miyezi itatu yokha pantchito, ndipo kwathu ankadalira ine pa sopo ndi mchere. Ndinatseka pakamwa.

Zimene ndinalephera kunena ndinayesa kuzichita ndi sipanala. Ndinamasula nati ya chishalo n'kuchitsitsa mpaka chinagunda felemu. Ndinachotsa chitsulo chogwira chishalo n'kuchitembenuza kuti nditsitseko chala chimodzi china. Mahandulo ndinawatsitsanso. Zogwirira mabuleki ndinazipinda ndi pulayazi kuti ziyandikire, koma mabuleki a ndodo ukawapinda kwambiri sagwiranso, ndiye ndinalekera panjira. Mtanda wokha unalibe nati yomasula.

Ndinapempha kuti mayiwo akayese kuseri kwa shopu kumene kunalibe anthu. A Chimphepo analola monyinyirika. Naphiri anakwinya chitenje, napendeketsa njinga kuti mwendo udutse pa mtanda. Atakhala pachishalo, zala za kuphazi zokha n'zimene zinkakhudza pedulo ya pansi, ndipo thupi linkagwera uku ndi uku popalasa. Pofuna kuima anatambasula zala kufuna buleki, nsonga zokha n'kufika. Anadumpha njinga ikuyendabe, n'kuigwira isanagwe. Anali atapalasa mtunda wosakwana kuchoka pakhomo kufika pa nkhokwe, pamalo osalala.

"Mwaona? Akutha," anatero a Chimphepo.

Ndinapopa matayala, ndinamanga belu, ndinawatsanzika ndi manja awiri. Mumtima ndinkadziuza kuti mwina azoloweradi, poti amayi ambiri akumudzi amapalasa njinga za amuna awo. Ndinkadzinamiza, ndipo ndinkadziwa.

Patatha masabata atatu anabweranso. A Chimphepo anatsitsa njinga ija pa lole ya fodya, foloko yogwira gudumu itapindikira m'kati, gudumu lakutsogolo litakhota, masipoko asanu atathothoka. Naphiri anatsika pambuyo, mkono wamanja uli m'chikhakha, tsaya lili ndi zipsera. Anagwa pa mtsetse wotsikira kumtsinje, chigubu chodzaza chili pa kaliyala. Njinga itathamanga zala sizinakwanitse kukoka mabuleki, mapazi sanafike pansi, ndipo mtanda unamuletsa kudumpha.

A Chimphepo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati, "Ngozi siona nkhope, mphwanga. Uikonze. Chishalochi uchikwezenso, poti tsopano ndiziyendera ine."

Ndinafunsa za mkaka. Anati ndi dzanja limodzi munthu sangakame, iwonso ali ndi fodya woti asankhe, choncho agulu anabwera n'kuitenga ng'ombe ija. Ananena zimenezi ngati akunena za mvula, kenako anapita kumsika kukafuna misomali.

Ndinatsala ndi Naphiri. Anakhala pa benchi pafupi ndi khomo, ine nditagwada ndikumasula foloko. Kuseri, njinga yobiriwira ija inali ikadali potero, ndipo ndinaona kuti akuiyang'ana.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "tsiku lija inu munaona kuti sindikufika."

"Ndinaona, mayi."

"Ine sindikanatha kuwatsutsa pagulu. Koma inu ndinu a ntchito. Mukananena inu, akanamva."

Ine ndinawongola foloko pa vayisi yopanira zitsulo, ndinaika masipoko atsopano, ndinawongola gudumu. Pomaliza ndinatenga sipanala ya 13 n'kukweza chishalo kufika pa msinkhu wa a Chimphepo, Naphiri akuonerera. Pa ntchito zonse zimene ndagwira pa moyo wanga, palibe imene inandiwawa ngati kumanga nati imeneyo. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo sanandichoke mpaka lero.

Kaya a Chimphepo akanandimveradi, sindidziwa. Mwina akanangokagula shopu ina, ine n'kuchotsedwa ntchito. A Kanyenda nditawauza madzulo ake anangoti, "Ife timagulitsa njinga, sitigulitsa mapiri." Sanali munthu woipa. Ndinagwira nawo zaka zina zinayi, ndipo za ng'ombe ya Naphiri sindinamvenso kanthu.

Lero ndili ndi kashopu kanga. Kuseri ndinamanga mpanda wa udzu, ndipo mayi akabwera, mkazi wanga ndi amene amapita naye kumeneko kukamuyeza, chitenje atakwinya mwaufulu. Funso langa loyamba limakhala lakuti adzapalase ndani, ndipo wopalasayo ndi amene ndimamuyang'ana polankhula. Njinga ikakhala yaikulu ndimanena mokweza, bambo ali pomwepo, kuti iyi idzakugwetsani pa mtsetse. Abambo ena amakwiya n'kukagula kwina, ndipo ine sindingawaletse. Koma mayiyo amachoka atamva mawu amene Naphiri anawadikira kwa ine osawamva.