Njinga Si Munthu

Madzi anatifika m'chifuwa. Tinali pakati pa mtsinje wa Katete, njinga yamoto ya bwana ili lendee pansungwi, nsungwiyo ili pamapewa pathu. Chitsulo chotulutsa utsi chinali chikadatentha, chinandiwotcha m'nthiti. Bwana anali atawoloka kale pamsana pa mnzathu, akupukuta magalasi kutsidya.

Ndinali wonyamula machila pa famu ya fodya. Inali ntchito yaulemu. Wonyamula munthu ankalandira kuposa wonyamula katundu, ndipo paulendo tinkadya nyama. Nkhondo ya Jeremani itatha, bwana anagula njingayo. Machila anawapinda, anzathu ambiri anawabweza kumudzi. Otsalafe tinkathamanga m'mbuyo mwa utsi, kuti ikafika pamtsinje kapena pamatope tiinyamule. Inali yolemera kuposa mwiniwake.

Inabwera ndi munthu wake, wa ku Nyasalande, wodziwa sipanala. Ankalandira kuposa tonsefe kuphatikiza. Sindimuda. Koma akamamasula chitsulo ankatifulatira.

Mwezi utatha tinafola pakhonde. Msonkho wanga unali utachedwa. Amesenjala a boma anali atafika kale ku Mkaika, ndipo mwamuna akalephera ankatenga mkazi kukamusunga kuboma. Malipiro a machila akanakwanira. Kapitawo, mlongo wake wa mkazi wanga, anandiikira m'manja malipiro a wonyamula katundu.

Ndinafunsa. Anati bwana walamula kuti njinga si munthu, ndi katundu. Ndinati nanga amene amawoloka pamsana uja ndi thumba la mchere? Anzanga anaseka. Iye anati kuwolotsa bwana ndi kuthandiza chabe, sikulembedwa.

"Ndiye tilipireni za katundu wolemera, alamu."

"Zimenezo kulibe, alamu. Katundu ndi katundu."

Wina anati tipite ku famu ya ku Sinda. Kapitawo anati pitani. Azungu a mafamu anali atapangana malipiro amodzi. Kulikonse n'chimodzimodzi, ndipo wothawa ntchito ankamutumizira amesenjala.

Anzanga atachoka, kapitawo anandiitanira pambali. Anati bwana angandiwonjezere zokwanira msonkho, ngati ndivomera kugwira mpaka dzinja lina pa malipiro atsopanowo. Anatsegula kachitini ka inki.

"Ganizirani mlongo wanga. Chala chokha."

Ndinaphunzira kusukulu ya mishoni. Dzina langa ndimalemba. Ndinapempha cholembera. Anati cholembera n'cha kalaliki, onyamula katundu amadinda.

Ndinadinda.

Anandipatsa ndalamazo osandiyang'ana. Kenaka anati mawa ulendo ndi wa ku Vubwi, mitsinje yadzaza, ndibwere ndi nkhata yapaphewa. Anafunsanso ngati ana ali bwino kunyumba.

Ndinapukuta chala pachipilala cha khonde, ndinatsika masitepe, n'kumapita.