Alamu Anga ndi Magetsi a Pangolo

Alamu anga a Saulosi adabwera kwathu kuno, kuseri kwa Nsaru, ndi njinga yopanda mabuleki, ine ndili kamtsikana kongoyamba sukulu. Adadzakwatira akulu anga a Hana n'kukhala chikamwini, monga timachitira kuno: mwamuna amasiya kwawo n'kudzakhala kwa mkazi. Kwawo n'ku Nambuma. Imvi zidatuwa mbuu m'mutu, ana adakula kuyambira woyamba kubadwa Ulemu, zidzukulu zidadzaza bwalo, koma mukadawafunsa kumene amakhala akadakuyankhani kuti kwawo n'ku Nambuma, kuno akungokhala nawo. Kungokhala nawo! Munthu woti wadya chimanga cha mudzi uno mpaka mano kuguluka.

Musandimve molakwa, ine Dyness sindidana nawo alamu anga. Ndi munthu wolimbikira, fodya wawo ndi wosiririka, mowa salawa, kutchalitchi amafika belu lisanalire. Vuto lawo lidali limodzi: sankafuna kuti kanthu kawo kagwire nthaka ya kwathu. Anzawo akuwotcha njerwa, iwo ati nyumba yomata ikukwanira. Akulu anga adadandaula za malata mpaka malatawo adagulidwa, koma msomali ayi. Adawamanga ndi waya n'kutsendereza miyala, kuti tsiku lina adzamasule osabooka. Mtengo wa ndimu adaubzala mumgolo wodula pakati. Mumgolo, anthuni, malo ali mbwee! Udapinimbira mtengowo, ndimu zake ngati mtedza.

Ife tinkaseka, koma a Hana sankaseka. Tsiku lina tikuswa mtedza adandiuza kuti chimene ankafuna asanafe chidali chimodzi: kuona mwamuna wawo akukumba dzenje pakhomo pawo n'kuzikamo chinthu chosazuka. Ankati atopa kukhala ndi munthu amene mwendo wina uli pamsewu.

Nyumba zathu zili zokhazokha pamtunda, kutali ndi msewu waukulu, pamene mphepo sipuma. Mawaya a magetsi adathera ku Nsaru, ndipo ife tidaleka kalekale kuwayembekeza. Tinkadalira koloboyi, koma utsi wake udayamba kuwatsokomoletsa a Hana, ndipo maso awo sankaonanso bwino mawu a m'buku la nyimbo, pomwe iwo ndi amene amayambitsa nyimbo ku Chigwirizano. Apa ndiye ndiwayamikire alamu anga. Chifuwa cha akazi awo chinkawapweteka iwo kuposa mwini wake.

Pa Nsaru pali mmisiri wina, a Gladson, wokonza mawailesi ndi njinga zamoto. Iwowa adayamba kupanga makina otulutsa magetsi ndi mphepo: mapiko odula kupaipi ya pulasitiki, dainamo ya galimoto yakufa, zonsezo pamwamba pa mlongoti wa bulugama. Mphepo ikazunguza mapiko, moto umatsika ndi waya kukadzaza batire, batire n'kuyatsa mababu. Adali ataimika kale makina otero pamakomo angapo cha ku Kabudula. Alamu anga atagulitsa fodya chaka chimenecho, sadauze munthu, adangopalasa njinga kukagwirizana ndi a Gladson.

A Hana atamva kuti mlongoti wake amauzika pansi ndi simenti, mtima udakhala m'malo. Tsiku lobwera mmisiri adasesa bwalo kukadali mbandakucha, adasankha okha malo pambali pa nkhokwe, adapha tambala, n'kuvala chitenje chatsopano ngati kukubwera abusa. A Gladson adafika ndi thumba la simenti kumbuyo kwa njinga yamoto, adamwa madzi, n'kufunsa pokumba dzenje. Alamu anga adayang'ana kumwamba, adayang'ana pansi, n'kukanda m'mutu.

"Dzenje ayi, amisiri. Muukhazike pangolo."

A Gladson adayesa kuti n'zocheza. Ataona kuti munthu sakuseka, adawafotokozera kuti mlongoti si mtolo wa fodya, mphepo ili ndi mphamvu, chinthucho chimafuna kugwira pansi. Alamu anga ati mwala umagwiranso pansi, adzaika miyala kumateyala. Adakangana mpaka dzuwa kufika pamutu. Mapeto ake mmisiri adadula mlongoti kuti ufupike, adauimika pakati pa ngolo, n'kuukoka ndi zingwe kungodya zonse. Adanena pamaso pa tonse kuti chikadzachitika chinthu dzina lake lisadzatchulidwe. Simenti adabwerera nayo. Akulu anga adalowa m'nyumba n'kukavula chitenje chija, ndipo tambala tidamudya ngati tili pamaliro.

Chokwiyitsa n'chakuti zinthuzo zidayenda. Mapiko adazungulira, babu idayaka, a Hana adayambanso kuwerenga nyimbo zawo ndipo chifuwa chidachepa. Anthu ochokera m'midzi ya kumunsi adayamba kubwera kudzatchaja mafoni m'malo mopita ku Nsaru. Alamu anga matama ndiye adakwera. Ankati makina a anzawo amadikira mphepo, koma awo amaitsatira kumene ili. Mphepo ikachepa pabwalo, ankamasula waya n'kusamutsa ngolo. Ng'ombe zidakana kukoka chifukwa cha phokoso la mapiko, choncho ankakoka okha, goli paphewa, thukuta kamukamu. Munthu ankafika ndi foni yake n'kufunsa kuti kodi magetsi ali kuti lero, ife n'kumuuza kuti apita kuchulu, awapeza komweko.

Nthawi yokolola itafika, ngolo idali yotanganidwa ndi magetsi. Chimanga chonse tidachituta pamutu, ine mayi wamkulumkulu khosi kuchita kuuma, ngolo ili apo mapiko ali pekupeku. Ndidawauza alamu anga maso ndi maso kuti ngati akufuna kusamuka angosamuka, titsale tipume. Adangoseka, ati mlamu salusa, mlamu ndi wocheza naye. Akulu anga okha ankangodzuka m'mawa, kusuzumira pawindo kuona kumene ngolo yagona, n'kupitiriza ntchito zawo.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amayi a Chigwirizano adabwera kwa a Hana kudzakonzekera nyimbo komanso kudzaona magetsi otchukawo. Tsikulo ngolo idali pabwalo, waya utalowa pawindo kupita kuwailesi. Amayi adachuluka, mipando ndi mphasa zidatha. Amayi awiri achikulire, posafuna kukhala pafumbi ndi yunifolomu yoyera, adaona miyala yosalala bwino kunsi kwa ngolo. Adaikoka n'kukhalira. Adziwa bwanji? Kwawo ngolo ndi ngolo, mwala ndi mwala.

Tili pakati pa nyimbo, kamvuluvulu adadzuka kumunda wa fodya, akubwera ndi mapesi ndi mapepala. Tidatseka maso ndi zitenje. Ndidamva mapiko akulira mwachilendo, kenako mateyala kwiii. Potsegula maso, ngolo ikuyenda yokha! Idayamba pang'onopang'ono ngati ikutsanzika, kenako idapeza kutsetsereka. Waya udakoka wailesi, wailesi idatulukira pawindo n'kumadumphadumpha kumbuyo kwa ngolo, ikulengezabe uthenga wa maliro. Nkhuku zidabalalika. Alamu anga adatuluka m'chigafa ali chothamanga, nsapato imodzi kuphazi, akukuwa kuti "Ima! Ima!" ngati akuuza ng'ombe.

Ndiye onani tsoka lake. Njira zochoka pakhomo pathu n'zingapo, koma ngoloyo idasankha yolowera ku Nambuma. Mayi wina wapakamwa adati katundu watsogola, eni ake akutsatira. Amayi adaseka mpaka ena kugona pansi, maduku kugwa. Inenso ndidaseka, ndibisirenji. Koma nditacheuka ndidaona akulu anga ataima pakhonde, buku la nyimbo lili m'manja, nkhope ili gwa. Kuseka kudandithera pomwepo.

Ngolo idakathera m'dimba la achimwene athu a Bester. Idaswa mpanda, idapondaponda matimati, mlongoti n'kuthyoka, mapiko uku ndi uku. A Bester ndiwo mwini mbumba yathu, ndiye kuti nkhani za mabanja athu zimathera kwa iwo. Alamu anga ankawaopa zaka zonsezi, akawaona patali ankavula chipewa. Koma achimwene athuwo ndi munthu wofatsa, woti ngakhale mbuzi ikamadya ndiwo zawo amaipempha kuti ichoke. Adafunsa ngati alamu avulala, adavula chipewa chawo n'kuwatoleramo matimati ophwanyika kuti akathire kundiwo, n'kuwathandiza kukoka ngolo kubwerera kumtunda.

Pofika pakhomo amayi adali atabalalika, dzuwa litapendeka. Pakhonde padali mulu: zovala za alamu anga, jekete ya kutchalitchi, Baibulo, makasu, pampu ya njinga. A Hana adali ataima pambali pake.

"Bambo a Ulemu, ngolo yanu yakuonetsani njira. Pakirani muzipita kukadali kowala. Ine ndatopa kuphikira mlendo."

Sadakweze mawu, n'chifukwa chake ndidachita mantha. Alamu anga adakhala pansi, pafumbi penipeni, chipewa cha matimati chili pamwendo. Kenako adayamba kufotokoza motsitsa mawu nkhani imene ngakhale akazi awo sadaimvepo. Bambo awo nawonso adali mkamwini. Adamanga nyumba ya njerwa kwa akazi awo, adabzala mango ndi nthochi, adakumba chitsime. Mayi awo a Saulosi atamwalira, kumeta kutangotha, abale a malemu adawasudzula bambowo kuti azipita kwawo. Adachoka ndi mphasa pamutu. A Saulosi adali mwana, adatsala ndi amalume awo, ataima pakhomo la nyumba ya njerwayo kuyang'ana bambo awo akuzimiririka m'njira. Adati kuyambira tsikulo adalumbira kuti iwo sadzasiya thukuta lawo m'nthaka ya eni.

Ine misozi idalengeza. Ndidaganiza kuti akulu anga afewa, awagwira dzanja. Ayi ndithu.

"Ndiye zaka zonsezi, ine ndikukuphikirani, ndikukuberekerani ana, inu mumadikira maliro anga?"

Alamu anga adawerama n'kuyang'ana matimati m'chipewa muja. Ndikhulupirira kuti sadaganizepo kuti nkhaniyo ingaoneke chotero kwa munthu winayo. Iwo ankadziteteza kwa abale, osadziwa kuti amene akulasidwa tsiku ndi tsiku ndi mkazi wogona naye m'nyumba. Ndidawamvera chisoni onse awiri, koma kwambiri akulu anga.

A Bester adatsokomola. Adati wothamangitsa anthu pamudzi pano akadakhala iwo, ndipo iwo alibe mphamvu yothamangitsa ngakhale nkhuku. Adafunsanso kuti akathamangitsa alamu, ngolo azikabwereka kwa yani, ngakhale kuti masiku ano ngoloyo ili paudindo wina. Palibe adaseka. A Bester adatola chipewa chawo, adakhuthulira matimati m'mbale, n'kumapita. A Hana adalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, katundu adatsala pakhonde.

M'mawa mwake ndikupita kumjigo ndidamva khasu likulira kuseri kwa nkhokwe. Alamu anga adali akukumba pamalo pomwe akazi awo adasankha poyamba paja. Adali atatumiza kale uthenga ku Nsaru, ndipo a Gladson adafika dzuwa litakwera, ndi simenti komanso mapiko atsopano. Mmisiri sadanene kuti ndidanena ine, ngakhale nkhope yake inkanena. Adasuzumira m'dzenje n'kuwauza kuti likafika m'chiuno lakwana.

Lidafika m'chiuno, iwo osaleka. Lidafika pachifuwa, a Gladson ati bambo, uwu ndi mlongoti, si chimbudzi. Iwo ati mphepo ya kuno saidziwa bwino amisiri. Dothi lidapitirira kutuluka, loyamba lakuda, kenako lofiira, mpaka tinkangoona kadazi kakutuluka ndi kulowa. Munthu amene sadakumbepo dzenje pakhomo pano adafuna kukumba maenje a zaka zonse tsiku limodzi. Atatopa adaponya khasu kunja, n'kuyesa kutuluka. Adagwira m'mphepete, dothi n'kugumuka. Adayesanso, n'kugwa chagada. Adaitana mwaulemu kuti mwina wina awapatse dzanja.

A Gladson adathamangira chingwe kungolo. Nthawi yomweyo chitseko chidatseguka, a Hana n'kutuluka ndi kapu ya tiyi ndi mbatata m'mbale. Adafika pamphepete pa dzenje n'kuyang'ana pansi. Mwamuna wawo adali m'menemo mpaka m'khosi, dothi la kwathu lili m'tsitsi, m'makutu ndi m'ndevu momwe.

"Asiyeni kaye, a Gladson. Ndiwaone bwino."

Adakhala pansi pamulu wa dothi, adatambasula miyendo, n'kuwatsitsira tiyi m'dzenjemo. Ankaseka, misozi ikutsika, osaipukuta. Alamu anga adalandira kapu ndi manja awiri n'kumwera momwemo. Ine ndi mmisiri tidasiya chingwe pansi, n'kupita kukalowetsa katundu m'nyumba.