Malo Otambasulira Miyendo

Lero ndadutsa pachigayo, fungo la dizilo n'kundikumbutsa agogo aamuna. Ndili mwana, anandiperekeza kukagayitsa ku Sharpevale. Injini italira, pansi panayamba kunjenjemera, agogo n'kugwira mzati atatangadza miyendo.

"Agogo, mwatani?"

"Sitima ya pamadzi imene inatitengera kunkhondo inkanjenjemera chonchi," anatero. "Inali yonyamula anthu olemera, koma anachotsamo mabedi kuti asilikali tikwanemo. Popita tinkagona mothinana ngati kachewere m'thumba. Mnzanga wa ku Nzama ndinkamutukwana daily chifukwa mapazi ake ankandigunda kumaso."

"Nanga pobwera?"

Anayang'ana ufa ukugwera m'dengu, mzati uja osausiya.

"Pobwera, mdzukulu wanga, malo analipo ambiri. Miyendo ndinkatambasula mmene ndafunira, koma tulo osabwera."