Belu Linkalira Mwana Wanga Ali Pakati pa Dambo

Anzanga, zimene ndikuuzeni panozi si nthano, ndipo ndikanakonda zikanakhala zabodza, koma zinandichitikira ine ndemwe, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene anaona ndi maso alipobe kwathu kuno kumbali ya Kabudula. Mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Mudzi wathu uli m'mbali mwa dambo, ndipo pakati pake pamadutsa kamtsinje koti kale tinkangolumpha osanyowetsa ndi chitenje chomwe. Sukulu ili kutsidya, minda yathu ya fodya ilinso kutsidya komweko. Koma zaka zimenezo nyengo inali itayamba kale misala yakeyi, mvula kusowa milungu itatu kenako n'kudzagwa yonse tsiku limodzi, ndiye poti mitengo kumtunda tinaimaliza tokha ndi zigafa komanso makala, madzi ankangotulukira mwadzidzidzi kuno kusanagwe ndi dontho lomwe. Alangizi atabwera kudzatithandiza kukhazikitsa komiti yoona za ngozi, anthu anasankha ine kuti ndikhalemo, poti pakamwa sindichedwa komanso kuchigwirizano cha amayi ndinali mlembi.

Dongosolo lathu linali lokoma kumva. Mvula ikagwa yambiri kumtunda, anzathu akumeneko aziimbira foni apampando athu, apampando aziuza aphunzitsi aakulu kuti ana asaweruke mpaka madzi ataphwa, kenako belu la kutchalitchi lizilira mosalekeza kuti aliyense achoke kudambo. Aphunzitsi nawo anawafotokozera ana zonsezi m'kalasi. Pamsonkhano wa m'mudzi tinaomba m'manja kuti basi, ana athu tawateteza.

Chimene sitinanene pamsonkhanopo, ngakhale aliyense ankachidziwa, n'choti nthawi yothyola ndi kusoka fodya si ana onse amakhala kusukulu. Wanga woyamba, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndinali nditamuimitsa chitsegulireni sukulu kuti azindilerera khanda, mlongo wake wa miyezi isanu ndi iwiri. Nanga munthu ungasoke fodya mwana ali kumsana akukulira? Ndinkadziuza kuti n'za kanthawi chabe, ndipo makomo ambiri ankachita chimodzimodzi. Tsiku la msonkhano lija iye anabwera n'kudzakhala phee kumbuyo kwanga atabereka khandalo, ine n'kumuthamangitsa ndi mawu oti ana sakhala pa nkhani za akuluakulu. Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Tsiku la tsokalo kunacha bwinobwino, kungoti kumtunda kunali mdima wa mitambo. Bambo akunyumba anali kutsidya akuthyola fodya, ndiye cha m'ma teni ndinamupatsa mtsikanayo kachigubu ka thobwa kuti akawapatse, iye n'kubereka mlongo wake ndi chitenje changa chofiira, ulendo. Ine ndinakhala m'chigafa ndi amayi anzanga awiri tikusoka.

Belu litayamba kulira, mukudziwa chimene ndinachita? Ndinanyadira. Ndinawauza anzangawo kuti mwaona, dongosolo lathu likugwira ntchito, pano ana onse aphunzitsi awatsekera m'kalasi. Ndinapitiriza kusoka ndithu, masamba angapo, mtima uli m'malo. Chimene chinandidzidzimutsa ndi mabere. Anayamba kulasa monga amachitira nthawi yoyamwitsa ikakwana, mkaka n'kunyowetsa bulauzi, ndipo m'pamene ndinadzifunsa kuti kodi khanda langa lili kuti. Singano inagwa yokha m'manja.

Mmene ndinathamangira sindikudziwa. Ndisanafike n'komwe ndinamva mkokomo, ndipo nditatulukira pamtunda dambo lonse linali madzi okhaokha, ofiira, akukokolola mapesi, zitsa ndi mbuzi ya munthu ili miyendo m'mwamba. Kutsidya ndinaona ana asukulu atandandalika pakhonde ndi aphunzitsi awo, onse owuma, onse otetezeka monga tinapanganira. Ndipo pakati pa madziwo, pachulu pamene panamera kamtengo, ndinaona chitenje chofiira.

Mtsikana wanga madzi anamupeza akubwerera kunyumba. Nzeru anazitenga kuti mwana wamng'ono chotero sindikudziwa, koma anakwera pachulupo, n'kumasula chitenje, n'kudzimangirira nacho kukamtengoko pamodzi ndi mlongo wake pachifuwa. Ndinafuna kudziponya m'madzi, amayi anzanga n'kundigwira mpaka kunding'ambira bulauzi, akundiuza kuti ndikalowa maliro akhala atatu. Ndinkakuwa dzina lake koma mkokomo unkameza mawu anga. Madzi anafika m'mawondo mwake tikuona, kenako m'chiuno, iye n'kukwezera khandalo paphewa. Sankalira, sankakuwa, ankangoyang'ana mbali imene ndinaima ine, ndipo maso amenewo amandibwererabe mpaka lero.

Bambo ake kutsidya anadzimanga chingwe cha ng'ombe m'chiuno n'kulowa, madzi n'kuwagwetsa, amuna anzawo n'kuwakoka atamwa madzi ambiri. Anayesanso kachiwiri, chimodzimodzi. Akuluakulu anati palibe kuchitira mwina, tidikire madzi atsikeko pang'ono. Kudikira kumeneko, abale anga, sindikufunira munthu aliyense, ngakhale amene ndimadana naye. Ndinagwada m'matope ndikupemphera zosamveka mutu wake, mkaka ukungotuluka, khanda langa likulira poti ndikuliona koma sindingalifikire.

Dzuwa litapendeka madzi anayamba kubwerera, ndipo amuna anayi atalumikiza zingwe anakafika pachulupo. Mfundo ya chitenje inali itamangika moti anachita kudula ndi mpeni. Atandibweretsera anawo ndinaona kuti miyendo ya mtsikanayo yatupa yonse, chifukwa linthumbu nalo linathawira pachulu pomwepo ndipo linamuluma nthawi yonseyo, iye osasuntha poopa kugwetsa mlongo wake. Pathupi pa khandalo panalibe ndi bala limodzi lomwe. Tinathamangira nawo kuchipatala pangolo, ndipo mwa chisomo cha Mulungu onse awiri anachira.

Anthu ankabwera kudzatizonda, ena akuti ndi chozizwitsa, ena akuti pali munthu anatichita chipongwe chifukwa fodya wathu anali wabwino chaka chimenecho, ndipo ine, kunena zoona, ndinkafuna kukhulupirira zimenezo chifukwa zinkandipepuza. Koma mwanayo anakhala masiku angapo osayankhula ndi munthu. Tsiku lina ndikumudzoza mankhwala m'miyendo pakhonde, anandifunsa motsitsa mawu.

"Amayi, belu lija ndinalimva ndisanalowe m'dambo. Kodi linkalira chifukwa chiyani?"

Ndinamufotokozera zonse, za foni, za apampando, za aphunzitsi. Iye anayang'ana miyendo yake n'kundifunsanso.

"Ndiye inu munkadziwa, eti? Anzanga akusukulu ankadziwanso. Nanga ine simunandiuze bwanji?"

Ine wa pakamwa posachedwa uja, mlembi wa chigwirizano, ndinangopitiriza kumudzoza mankhwala. Akanadziwa akanabwerera kwa bambo ake, mtunda wake unali waufupi kwambiri. Panalibe mfiti pankhaniyi, ndinali ine.

Atangochira ndinamubwezera kusukulu, khanda ndinkasoka nalo fodya lili kumsana, ndipo ndinaona kuti zimatheka. Kukomiti ndinaimirira n'kuulula manyazi anga onse, kenako tinayenda khomo ndi khomo, ndipo tinapeza kuti olera makanda ndi oweta mbuzi, ana amene amakhala kudambo tsiku lonse, palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa za belulo. Chiyambire pamenepo misonkhano ya za ngozi ana amakhala kutsogolo pamphasa, amafunsa mafunso, ndipo owathamangitsa amakumana ndi ine.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti madzi amenewa sadzasiya kubwera, nyengo inasintha basi, ndipo mwana ali ndi ufulu wodziwa chimene chingamuphe, ali ndi ufulunso wokhala m'kalasi pamene anzake akuphunzitsidwa kudziteteza. Makolo anzanga, mukamapangana za ngozi musamawerenge ana amene ali m'kaundula wa sukulu okha, yambani mwayang'ana amene mwamusunga pakhomo panu. Wangayo lero ndi mayi wa ana awiri, amandilemekeza, za tsikulo sazitchulanso, koma zipsera m'miyendo zilipo, ndipo funso lake lija sindinamuyankhebe.