Tsiku limene pakamwa panga panavomera ufiti

Ndikudziwa kuti ena muti ndikupeka, koma chipsera chili pamwamba pa khutu langali, wokayika abwere adzachigwire yekha. Izi zinandichitikira ine mwini wake zaka zingapo zapitazo, m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja kupitirira Tukombo, ndipo dzina la mudziwo sinditchula, osati chifukwa chowamvera chisoni eni ake, ayi, koma kuti ana awo asamayende ndi manyazi a makolo.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo nthawi imeneyo ndinkachita geni ya usipa, kupikula kunyanja n'kukagulitsa kumtunda. Ndinazolowera ku Kande kumene aliyense ankandidziwa, koma sabata imeneyo usipa unavuta, ndiye ndinakatsika minibasi pamalo pamene ndinali ndisanapondepo. Unali m'mawa, dzuwa litakwera kale. Ndikudutsa kanjira ka m'munda wa chinangwa, mutu unandiwaza ngati wina wandimenya ndi chikuni, dengu linagwa, dzanja lamanja linangoti lende, mwendo n'kuyamba kukana. Ndinadzikhwekhwereza mpaka kuseri kwa nyumba ina, chitenje chitatsala m'tchire, tsitsi lili fumbi lokhalokha, malovu akutsika chifukwa kukamwa kunali kutapotoka. Ndikanadziwa bwanji kuti panyumba imeneyo anali atangoika kumene maliro a mwana?

Mayi wa panyumbapo atandiona anakuwa, ndipo posakhalitsa anthu anandizinga. Ankalankhula Chitonga, chimene ndimangotolako apa ndi apo, koma liwu loti fwiti silifuna womasulira. Bambo wina wamtali, malume ake a mwana womwalirayo, anabwera ndi chikwanje n'kuyamba kundifunsa m'Chichewa. Anafunsa dzina langa. Abale anga, dzinalo ndinkalidziwa, m'mutu linalimo bwinobwino, koma nditatsegula pakamwa panangotuluka liwu limodzi loti eya. Anafunsa kwathu, ine eya. Anafunsa ngati ndagwa pa lichero pobwerera kotamba, ine eya. Kenako anawerama n'kundifunsa pang'onopang'ono ngati ndine ndinadya mwana wa mlongo wake, ndipo ine ndinapukusa mutu ndi mphamvu zanga zonse, misozi ili chuchuchu, koma pakamwa pangapa, pamene ndapadyetsa moyo wanga wonse, panati eya.

Mukuganiza kuti alipo amene anayang'ana mutu umene unkakanawo? Onse anangomva zimene ankafuna kumva.

Ndinayesa ndi dzanja lamanzere lomwe linatsala. Ndinaloza kunyanja kuti ndabwerera usipa, iwo amvekere ndikuonetsa kumene ndinaulukira. Ndinaika dzanja pamutu kusonyeza dengu, iwo ati ndilo lichero limenelo. Ndinagwira milomo yanga kuti aone kuti mawu afa, ndipo mayi wina anakuwa kuti taonani, akuti anamudyadi. Chilichonse chimene ndinkachita chinkasanduka umboni. Mwala woyamba unandipeza paphewa, wachiwiri pamwamba pa khutu, ndipo ndinamva wina akutuma anzake kuti akatenge petulo wa injini ya boti. Munthu kumva imfa yako ikukambidwa, liwu lililonse ukulimva, koma osatha kunena ngakhale kuti ayi, mantha amenewo sindingawafunire ngakhale amene anandigendawo.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire amene ankachokera koviika chinangwa, beseni lili pamutu. Sanabwere mofatsa ayi, anabwera akutukwana. Anatula besenilo, n'kukhala pansi patsogolo panga kuti mwala wotsatira upeze iyeyo, ndipo anawauza kuti malemu amuna ake anakhala chomwechi mpaka kumwalira, kuvomera chilichonse ndi pakamwa pomwe mutu ukukana, nanga iwonso anali afiti? Malume aja anamukalipira kuti achoke, poti munthuyu wavomera yekha. Mayiyo anatembenuka n'kundifunsa mokweza ngati ine ndine mbuzi, ine eya. Ngati ndine mwamuna wandevu, ine eya. Palibe anaseka, koma miyala inayamba yaleka.

Atatero anandiuza kuti nditseke pakamwa, ndilankhule ndi dzanja basi. Ndinaloza kanjira kaja, ndinaikanso dzanja pamutu, kenako pakhutu ngati woimba foni, ndipo iye sanathamangire kumasulira, ankandifunsa funso limodzilimodzi n'kumayang'ana mutu wanga. Anamuuza malume uja kuti ngati ndi mwamunadi apite yekha akaone m'kanjiramo. Anapita monyinyirika, ndipo anabwera ndi dengu langa, chitenje, ndi kachikwama momwe munali foni. Anaziponya pansi osandiyang'ana. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wina akung'ung'udza kuti masiku ano afiti nawonso ali ndi mafoni.

Mayi uja ndiye anaimbira mwana wanga wamkazi, ndiyenso anaimitsa galimoto pamsewu mpaka ndinafika kuchipatala ku Chintheche. Kumeneko anati ndi sitiroko, kuthamanga kwa magazi kumene ndinkakunyozera kunawononga mbali ya ubongo imene imasunga mawu. Mawuwo anabwerera pang'onopang'ono, koma osati onse. Mpaka lero ndimatha kufuna mchere n'kunena kuti sopo, ndipo ndikatopa ndimangoloza, ana anga anazolowera. Nkhani inonso wandilembera ndi mwana wanga, ine ndikunena theka ndi pakamwa, theka ndi dzanja. Ku mudzi uja palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzapepesa, ndipo musandiuze zokhululuka, ndinayesa, zinakanika.

Ine tsopano ndimakhulupirira kuti ambiri mwa amene timamva kuti agwa pa lichero n'kuvomera okha anali odwala ngati ine, kungoti panalibe wokhala pansi patsogolo pawo. Ndiye mukadzapeza munthu wachilendo kuseri kwa nyumba, kukamwa kutapotoka, akuyankha zosagwirizana, yang'anani mutu wake ndi dzanja lake, ndipo muthamangire naye kuchipatala. Magazi amathamanga mwa aliyense, ndipo tsiku limene pakamwa panu padzakutembenukirani, mudzakhala pakati pa anthu osakudziwani, mukuloza, iwo akutola miyala.