Lumbiro la Mitwali Wothirira Misewu

Mitwali anali wothirira misewu wa khonsolo ya tauni yathu. Masiku amenewo misewu yambiri inali yadothi. Dzuwa likapendeka, anthu atatuluka mu mzikiti, ngolo ya khonsolo inkadutsa ikuwaza madzi kuti fumbi ligone, eni masitolo atulutse mipando akhale panja ngati anthu. Ngoloyo inali mgolo waukulu pa mawilo awiri, kumbuyo paipi yobooledwabooledwa, kutsogolo bulu. Buluyo tinkamutcha Basha, kutanthauza bwana wamkulu, chifukwa ankayenda akafuna yekha. Mitwali ankatunga madzi kumtsinje, kuyambira kusiteshoni ya sitima, kudzera kumsika, n'kukamalizira mu Msewu wa Atelala. Chifukwa chomalizira kumeneko, tauni yonse inkachidziwa.

Munthuyu anali wabwino, koma wamtima wapachala. Amuna akwathu akapsa mtima salumbira pa Mulungu pokha, amalumbiranso pa ukwati: "Ndikachita chakuti, mkazi wanga ndamusudzula." Mawu oterewa ali ndi malire ake. Kawiri ukhoza kukamutenganso mkaziyo, koma kachitatu chitseko chimatsekeka. Mitwali anali atawononga kale kawiri. Koyamba anali pa mkangano wa nkhunda zomwe zinathawira kwa mnansi. Kachiwiri analumbira kuti mlamu wake sachoka asanadye, mlamuyo n'kuchoka ndithu. Maulendo onse awiri anapita kwa apongozi mutu uli pansi kukatenga mkazi wake Nabawiya, amene sanalakwe kanthu pa nkhunda ngakhale pa mlamu.

"Latsala limodzi, bambo a Tafida," ankatero Nabawiya. "Mulisunge ngati dzira."

Tafida anali mwana wawo yekhayo amene anakula. Mitwali anamulonjeza kwa mwana wa mkulu wake, monga timachitira, koma mtsikanayo anakana pamaso pa abale onse, ndipo amalume ake anamukwatitsa kwa Shukri, telala wofatsa wa mu Msewu wa Atelala. Tsiku limene Tafida ankatuluka ndi katundu wake, Mitwali anaima pakhomo n'kulumbira.

"Ndikadzakulankhula, kapena ndikadzaponda pakhomo pako, kapena iwe ukadzaponda panga pano, mayi akowa ndawasudzula!"

Amayi omwe analipo anagwira pakamwa. Mwezi usanathe mkwiyo unali utaphwa, koma madzi akatayika saoleka. Mitwali anapita kwa mashehe awiri. Wachinyamata anati lumbiro la mkwiyo ndi mphepo chabe, angodyetsa amphawi basi. Wachikulire anati ayi, limagwira ndithu. Mitwali anakhulupirira amene anamuopsezayo, poti akalakwitsa, wopita ndi Nabawiya. Komabe shehe wachikulireyo, ataona misozi ya bambo wamkulumkulu, anamutsegulira kampata.

"Msewu si khomo. Ukadutsa uli pa ngolo, wakutuma ndi khonsolo, si mtima wako. Koma phazi lisatsike, ndipo lilime lisamutchule."

Apongozi a Tafida sankalola akazi a m'nyumba mwawo kupita ngakhale kumsika. Nabawiya ankakamuona Tafida Lachisanu, n'kubwera ndi nkhani, koma nkhani si nkhope. Choncho chimene Mitwali anatsala nacho chinali zenera limodzi la pamwamba pa sitolo ya Shukri. Ngolo ikafika pansi pa zeneralo, Basha ankaima yekha, ndipo pamenepa pokha m'pamene bulu ndi mwini wake ankagwirizana.

"Basha," ankatero Mitwali mokweza, maso ali pa makutu a bulu, "anthu ena akuonda. Kaya kwawoko sakuwapatsa chakudya."

Pamwambapo Tafida ankakhala ngati akuthamangitsa mphaka.

"Iwe mphaka, kauze abulu a khonsolo kuti anthu akudya bwino. Koma chifuwa chomwe ndikumva pansipo sichikundisangalatsa. Amwe mankhwala."

"Basha, amphaka a masiku ano ndi amwano."

"Anatengera kwawo."

Kenako kadengu kankatsika pa chingwe, monga amatsitsira amayi pogula ndiwo, muli kapu ya tiyi. Ankati ndi wa bulu. Poti Basha samwa tiyi, Mitwali ankamuthandiza, ndipo nthawi zonse shuga ankakhala wochuluka monga ankakondera iye. Atelala a mumsewumo ankaimitsa makina kuti amvetsere. Tsiku lina Tafida anauza mphaka kuti anthu sakuonda ayi, kungoti tsopano akudyera awiri. Mitwali anangoti kakasi, n'kuiwala kutseka mpopi, mpaka madzi analowa m'sitolo ya mnansi.

"A Mitwali, tibzale mpunga?" anafuula mwini sitolo akukweza nsalu zake. Koma ngakhale iyeyo ankaseka.

Mwana anabadwa wamkazi, anamutcha Zahiya. Mitwali ankamuonera m'munsi, amake atamunyamula pazenera: timapazi, kachibwano, kenako timano tiwiri. Sanamugwirepo. Kunyumba ankafunsa Nabawiya kuti mwanayo amalemera bwanji, kamutu kake kamanunkhira bwanji, ndipo Nabawiya ankamunyamulitsa kathumba ka ufa kuti ayerekeze. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kunyamula ufa n'kumausisita. Zinkaseketsa, komanso zinkapweteka mtima.

Khonsolo inkakumana kamodzi pamwezi m'chipinda cha pamwamba pa positi. Nkhani zake zinali zomwezomwezo: nyali za mumsewu zomwe zathima, masikelo a kumsika, mpopi watsopano uikidwe pakhomo pa ndani, ndiponso agalu osokera a kophera nyama. Ndiye Haji Abdel-Sattar, khansala wogula thonje, anagula galimoto. Nyumba yake inali kumapeto kwa Msewu wa Atelala, ndipo madzulo aliwonse matayala ankafika ali matope okhaokha. Anapempha kuti msewuwo uthiridwe phula. Msewu wa phula suthiriridwa madzi, ndiye kuti ngolo sidzadutsanso.

Mitwali atamva anathamangira kwa Girgis Efendi, mlembi wa khonsolo, bambo wamagalasi wokonda fodya wamphuno, amene nkhani ya zenera ankaidziwa ngati wina aliyense.

"Efendi, phula ndi loipa. Limatentha mapazi a ana. Abulu amaterereka."

"A Mitwali, khalani pansi. Ine mukundiuza za abulu?"

Mitwali anakhala, manja ali m'mutu.

"Kuletsa sindingathe," anatero Girgis. "Haji ndi Haji. Koma khonsolo ili ndi mankhwala amodzi a matenda onse, kuchedwetsa. Wokonza kuti nkhani iti iyambe ndi iti itsirize ndine. Phula ndiliika pambuyo pa agalu."

Nkhani ya agaluyo sinkatha. Khansala wina ankafuna poizoni, wina ankati Mulungu adzatifunsa, wina ankafuna adziwe kaye kuti agaluwo ndi a tauni kapena a mudzi wa kutsidya. Ankakangana mpaka khofi kutha, wapampando n'kuyang'ana wotchi n'kunena kuti za phula zionedwa pa msonkhano wotsatira. Mwezi uliwonse Mitwali ankaima m'khonde pafupi ndi wophika khofi, mtima uli m'mwamba, kudikira mawu amenewa. Palibe munthu m'tauni muno amene anapemphererapo agalu osokera ngati iye. Nyengo yokolola thonje inadutsa, yozizira inadutsa, Zahiya anayamba kuima yekha atagwira zitsulo za pazenera.

Koma Haji sanali chitsiru. Tsiku lina, anthu asanakhazikike, anapempha kuti lero ayambe ndi phula, agalu adikire. Palibe amene anatsutsa. Manja anakwera, manja anatsika, khofi asanazizire nkhani inali itatha. Anagwirizananso kuti ngolo izikathirira misewu ya kuseri kwa njanji. Girgis anatuluka osamuyang'ana Mitwali, anangomugwira paphewa podutsa. Chowawa n'chakuti panalibe womukwiyira. Palibe amene anamuchitira chipongwe, msewu unkafunikadi phula, ndipo ambiri mwa makhansalawo dzina lake lenilenilo sankalidziwa.

Migolo ya phula itafika n'kuunjikidwa pakona, Nabawiya anadikira kuti mwamuna wake amalize kudya nyemba zake zam'mawa, kenako anakhala pansi moyang'anana naye.

"Lero ndi tsiku lomaliza, eti?"

"Ndi lomaliza."

"Ndiye lero mutsike pa ngolopo. Mukamulankhule mwana wanu, mukanyamule mdzukulu."

"Wapenga kodi?"

"Sindinapenge. Ine ndakhala nanu moyo wanga wonse, ndamva zokoma zanu ndi zamwano zanu zomwe. Iye wakhala akumva zouza bulu. Ukwati ukatha ndikakhala kwa mchimwene wanga, sindifa. Ndakalamba, bambo a Tafida. Sindingaone mukuuma ngati chikuni."

"Khala chete, iwe."

"Ndakuuzani. Tchimo lake likhale pa ine."

Tsiku limenelo Mitwali anathirira kusiteshoni ndi kumsika mongopaka, kusungira madzi msewu umodzi. Atalowa mu Msewu wa Atelala makina onse anali zii. Anthu anaima m'makomo mwa masitolo awo ngati kukudutsa maliro. Zenera la pamwamba linali lotseka. Tafida anali pansi, pakhomo penipeni pa sitolo, Zahiya ali m'manja. Apongozi ake anamulola tsiku limenelo, ndipo Shukri anaima kumbuyo kwake atagwira lumo, osadziwa poyang'ana.

Basha anaima. Mitwali anali asanaone nkhope ya mwana wake pafupi chotero chichokereni m'nyumba. Anaona kuti wayamba kufanana ndi amake, mpaka kaimidwe komwe.

"Basha," anatero, "kuyambira mawa tizipita kuseri kwa njanji. Akuti fumbi lake n'lambiri. Kulibe tiyi kumeneko."

Tafida sanayang'ane mphaka aliyense. Anayenda mpaka pa wilo la ngolo, nsapato zikumira m'matope, n'kukweza mwana m'mwamba. Kamwanako kanatambasula dzanja n'kugwira mkanjo wa agogo ake pa bondo, kuukoka.

"Bambo," anatero Tafida. "Amayi anandiuza Lachisanu zimene akuuzani m'mawa uno. Ine sindikupemphani kanthu. Ndikungofuna ndikuitaneni kamodzi mukumva. Bambo."

Mitwali anasuntha phazi mpaka pa chitsulo chotsikira. Msewu wonse unaliyang'ana phazi limenelo. Pakamwa panatseguka, dzina la mwana wake lili pa lilime, ndipo m'maganizo mwake anaona Nabawiya akumanga kathumba kake kachitatu, nkhalamba yopita kukadya kwa mchimwene wake chifukwa cha pakamwa pa mwamuna. Anabweza phazi. Anawerama n'kumasula tizala ta mwana pa mkanjo, kamodzikamodzi, n'kuchedwa nato m'dzanja lake kuposa mmene zinkafunikira.

"Basha," anatero, misozi ikutsikira m'ndevu, "auze anthu kuti ndamva. Auze kuti tsiku lililonse ndinkamva. Tiye."

Bulu sanafune kuyenda. Mitwali anamumenya ndi chingwe, chinthu chimene anali asanachitepo mumsewu umenewu, ndipo ngolo inanyamuka mgolo uli wopanda kanthu, poti madzi onse anathera pakhomo limodzi. Sanacheuke.

Anakasiya ngolo ku khola la khonsolo, anamwetsa bulu, n'kubwerera wapansi. Anapeza Nabawiya atakhala pa mphasa, atavala chovala chake chakuda chotulukira panja, kathumba kali pambali atamanga kale. Mphika wa therere unali pamoto, wokwanira munthu mmodzi. Mayiyo anayang'ana mapazi a mwamuna wake kaye. Analibe matope.

"Ndidakali mkazi wanu?"

"Udakali."

Nabawiya anayamba kumasula mfundo ya kathumba, koma zala zinkamukanika, mpaka anangokasiya n'kuphimba nkhope ndi manja.

"Chitsiru cha munthu inu," anatero akulira. "Mwamusiya mwana chifukwa cha ine?"

Mitwali anakhala pansi pambali pake, anakoka kathumbako n'kuyamba kukamasula yekha.

"Wakula, amake Tafida," anatero. "Wayamba kufanana nawe."